Bere la Khaki

Fungo la masangwi a mtedza akamauma padzuwa limandibwezabe kwathu ku Kapondo, m'nyengo yozizira ya chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4. Ndi fungo la dothi losakanikirana ndi masamba ouma, lotsekemera pang'ono, loti likakulowa m'mphuno umayetsemula kaye kenako n'kuyamba kumva njala. Chaka chimenecho mtedza unabereka kwambiri. Ababa anauunjika milumilu kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamenepo ndi amayi n'kumathothola mpaka zala kuchita ming'alu. Pamwamba pa mulu wa masangwi othothola kale pankagona Khaki, galu wathu.

Khaki anali galu wamkazi wa ubweya wofanana ndi kabudula wa yunifolomu, n'chifukwa chake tinamupatsa dzinalo. Khutu lake limodzi linali loimirira, lina logwa, ngati nthawi zonse akumvetsera nkhani ndi mbali imodzi. M'mawa uliwonse ankandiperekeza mpaka pamjigo, n'kuima pamenepo kundiyang'ana mpaka nditakhota. Pa ulonda pokha analibe luso. Ankagwedezera mchira aliyense, ngakhale mavenda obwera ndi masikelo awo kudzanyengerera mtedza usanaume.

Chaka chapitacho Khaki anali atatichititsa manyazi. Mimba inakula, mawere anatupa mpaka kudontha mkaka, iye n'kukumba dzenje pansi pa nkhokwe. Ababa, posangalala, analonjeza tiana kwa anzawo atatu a kutchalitchi. Miyezi iwiri inatha, wachitatu n'kulowa. Titasuzumira m'dzenjemo tinapeza silipasi yanga yakale ndi chitsononkho cha chimanga, Khaki atazikumbatira n'kumazinyambita mwachikondi. Linali bere labodza. Kwa milungu ingapo anzawo aja ankawafunsa ababa pakhomo la tchalitchi ngati silipasi ija yayamba kuuwa.

Amalume anga, achimwene awo a amayi, anali mlonda pa esiteti ina ya fodya cha ku Chiosya. Anali ndi chigalu champhongo dzina lake Sajeni, ndipo ankafuna galu wachiwiri. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinawamva akupangana ndi ababa. Khaki akayamba nyengo yake yofuna amuna apite naye kwa Sajeni. Bere likagwira, amalume adzasankha kamwana kamodzi, monga amachitira mwini galu wamphongo. Likapanda kugwira, adzatenga Khaki yemweyo, popeza pakhomo sitingasunge galu wosauwa komanso wosaswa. Anagwirana chanza akuseka. Ine mbale inandipulumuka m'manja.

Kumayambiriro kwa Meyi ababa anamuika Khaki m'dengu, n'kumangirira pakaliyala ya njinga. Anabwera naye patatha masiku anayi. Atafika analemba kamtanda pa kalendala ya kutchalitchi yomwe inali pakhoma, n'kuwerenga milungu isanu ndi inayi, poti galu amaswa ikakwana imeneyo. Amalume anali atanena kuti adzabwera Lamulungu la mlungu wachisanu ndi chitatu kudzaona okha. Lamulungu limenelo ababa analizunguliza ndi bolopeni yofiira, ndipo ine ndinkaliona ndikangodzuka.

Ndiulule pano kuti nkhawa ndinabadwa nayo. Ana ena akanangodikira. Ine ndinasolola chingwe pathumba la feteleza, ndipo m'mawa uliwonse ndisanasambe ndinkachizunguliza pamimba pa Khaki n'kumanga mfundo pomwe chathera. Mlungu woyamba mfundo zonse zinagwera pamodzimodzi. Wachiwiri chimodzimodzi. Pamenepo m'mutu mwanga munabwera nzeru yomwe ndinaiona ngati yakuya kwambiri. Amalume adzayang'ana mimba. Mimba ikakhala yaikulu, Khaki sapita. Komanso ndinkamva amayi akuuza azimayi oyembekezera kuti azidya kwambiri, choncho ndinkakhulupirira ndithu kuti ana amapangidwa ndi chakudya, ndipo ngati m'mimbamo mulibe kanthu, chakudya chikachuluka china chake chipangikamo.

Ndinayamba ndi gawo langa. Mbatata ya m'mawa ndinkaidula pakati, chigumu chopita nacho kusukulu ndinkamusiyira Khaki pamjigo. Koma mlungu wachitatu uli mkati Khaki anayamba kukana chakudya. Ankachinunkhiza n'kutembenuza mutu, ndipo m'mawa wina anasanza thovu lachikasu pafupi ndi mtondo. Amayi anati mwina ndi chizindikiro chabwino, poti nawonso ali ndi pakati pa ine ankadana ndi fungo la chilichonse. Ababa anangoti chaka chatha analinso chimodzimodzi. Ine ndinayeza ndi chingwe changa, ndipo ndinapeza kuti chakhwepa. Tsiku limenelo m'kalasi sindinamve kalikonse.

Amayi anali ndi nkhuku zitatu zomwe zinkaikira m'madengu akale kuseri kwa khitchini. Masana amenewo, iwo ali kumjigo, ndinapisa dzanja m'dengu limodzi. Dzira linali lofunda. Ndinaliswera m'phale kuseri kwa bafa, ndipo Khaki, yemwe anakana mbatata ndi phala la madeya, analinyambita mpaka phale kuwala. Mawa lake ndinatenganso lina. Chilakolako chake chitabwerera sindinasiye. Ndinawonjezera bonya wa m'chitini cha amayi ndi nsinjiro zodzaza m'manja. Makoko a mazira ndinkawakwirira padzala la phulusa.

Pomatha milungu iwiri Khaki anasintha. Ubweya unayamba kunyezimira ngati wapakidwa mafuta, khosi linakula, nthiti zinabisika, ndipo akamathamanga thupi lonse linkagwedera. Mfundo zapachingwe changa zinayamba kutalikirana. Ndinkapita kusukulu ndikuimba.

Amayi sanachedwe kuzindikira. Anayamba ndi kudabwa kuti nkhuku zitatu zikutetera tsiku lililonse koma mazira sakuchuluka. Anaganizira njoka, n'kuwotcha tayala lakale kuseri kwa khitchini kuti fungo liithamangitse. Kenako m'mawa wina Khaki, potsatira fungo, anafukula padzala paja. Amayi anamupeza ali pakati pa makoko, mphuno yonse phulusa, mchira ukugwedera.

Kwathu galu wodya mazira sakhululukidwa. Amati akalawa kamodzi sasiya, ndipo akamaliza a pakhomo amapita kwa aneba n'kukudanitsani ndi mudzi wonse. Amayi anaitana ababa, makoko ali m'manja.

"Abambo ake a Tadala, galu wanu uyu wayamba mazira. Kaya ali ndi bere kaya alibe, apite kwa achimwene."

Ine ndinali pomwepo, beseni lili pamutu. Ndinamva zonse, ndipo sindinatsegule pakamwa. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi ndimachita manyazi. Ndinkaopa mkwapulo, komanso ndinkaopa kuti ndikaulula asiya kumupatsa chakudya chabwino, mimba n'kuphwa. Ababa anakanda m'mutu, nati tidikire Lachisanu, popeza kunali katemera wa chiwewe kudipi ndipo akafunsa alangizi a ziweto ngati bere lilipo. Masiku awiri amenewo amayi ankamuthamangitsa Khaki akangoyandikira khitchini, iye n'kumabwera kudzagona pamapazi anga osadziwa mlandu wake.

Lachisanu ndinapempha kuti ndipite nawo, ndipo ababa analola poti Khaki ankamvera ine. Kudipi kunali fumbi ndi phokoso. Agalu anabwera a mitundu yonse, ena pa unyolo, ena pa luzi, wina atamangidwa ndi lamba wa buluku pomwe mwini wake wagwirira bulukulo ndi dzanja. Alangiziwo anali mayi wamfupi wovala majombo, ali ndi bokosi lozizira la mankhwala pansi pa mtengo wa mango. Nthawi yathu itakwana ababa anavula chipewa, n'kufotokoza za Sajeni, za kamtanda ka pa kalendala, ndi za silipasi ya chaka chatha, zomwe zinaseketsa anthu a pamzere.

Mayi aja anagwada, n'kundiuza kuti ndigwire mutu wa galu. Analowetsa manja onse awiri kunsi kwa mimba n'kumayendetsa zala pang'onopang'ono, maso atatsinzina. Anati pakatha mwezi galu atakweredwa, ana amamveka ngati timazira ta nkhunda tondondozana, koma pamafunika dzanja lozolowera, munthu wamba asayesere chifukwa angawavulaze. Anafufuza nthawi yaitali. Kenako anatsegula maso n'kupukusa mutu.

"Zala zanga zikungomira m'mafuta, bambo. Sindinganene kuti alimo kapena mulibe. Galu ameneyu akudya bwino kuposa ine. Mumamupatsa chiyani?"

Ababa anati madeya ndi zotsala basi, kungoti masiku ano wayamba kuba mazira. Bambo wina wa pamzere, yemwe anali ndi agalu awiri osakira, analowerera. Anati mankhwala a galu wotere ndi osavuta: kuphika dzira, kulichotsa pamoto likadali lotentha, kumuika m'kamwa n'kumutseka pakamwa ndi manja. Akapsa kamodzi sadzayang'ananso nkhuku. Ena anavomereza kuti n'zoona, kwawo anachitapo. Ine ndinali nditagwirabe mutu wa Khaki, lilime lake lofewa likundinyambita pamkono.

"Saba ayi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Saba. Ndimamupatsa ndine."

Mzere wonse unaphulika ndi phwete. Bambo wa lamba uja anaseka mpaka kutsala pang'ono kutaya buluku. Alangizi aja anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinafotokoza ndikulira, za amalume, za chingwe, za kuti ndimafuna ana apangike. Iwo sanaseke kwambiri. Anandiuza kuti chakudya sichiika ana m'mimba, ndipo galu akanenepa kwambiri amavutika poswa. Anati kutauni kuli makina oonera m'kati, koma ife tisavutike, tingodikira milungu itatu. Tizimupatsa chakudya cha masiku onse, tisamufinye pamimba, ndipo nthawi ikakwana tidzangoika dzanja. Ngati ana alimo, adzadziwika okha. Anamubaya katemera uja, nati savulaza bere, n'kuitana wotsatira.

Pobwerera ababa anali patsogolo akukankha njinga. Ine ndinali pambuyo ndi Khaki, ndikuwerengera mikwapulo yomwe inkandidikira. Titadutsa dimba la nzimbe ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akwiya kwambiri. Anaima, n'kutsamira chishalo, misozi ikutsika chifukwa cha kuseka.

"Masiku onsewa ine ndikudyera nkhwani," anatero, "bwana ali kuseri kwa bafa akudya mazira."

Amayi sanaseke. Sanandimenyenso, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anandikhazika pamphasa n'kunena kuti dzira si kanthu, nkhuku iikira lina. Chomwe chinawawawa n'choti ndinaima pomwepo ndi beseni pamutu, galu akunamiziridwa mlandu wanga, ine osanena kanthu. Chilango changa chinali kuthothola ndekha mulu wonse womwe unatsala. Chingwe changa anachiponya pamoto. Madzulo ake ndinawaona ataima pakhomo la khitchini, akumusisita Khaki khutu logwa lija, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita.

Mlandu wa mazira unatha, koma pangano la amalume linali pomwepo, ndipo chifukwa cha ine panalibe yemwe ankadziwa ngati bere lilipo. Milungu itatu imeneyo inali yaitali kuposa teremu. Juni anafika ndi mphepo yake yolowa m'mafupa. M'mawa udzu unkakhala ndi mame ozizira, m'minda mukufuka utsi wa osaka mbewa, ndipo milomo yathu inkang'aluka ngakhale tipake mafuta. Ndinkakhala pamulu wanga n'kumathothola, maso ali pa Khaki. Mafuta a m'khosi anayamba kuchepa koma mimba sinaphwe, inatsikira pansi n'kutambalala m'mbali. Nsonga za mawere zinafiira n'kukula, ubweya wozungulira pamenepo n'kuyamba kuthothoka. Anasiya kundiperekeza mpaka pamjigo, ankathera pa mtengo wa mapapaya n'kubwerera kukagona. Chilichonse ndikawauza ababa, yankho linali lomwe lija, lakuti chaka chatha analinso chimodzimodzi. Ndikuganiza tsopano kuti nawonso ankaopa kuyembekezera, kuopa anzawo a pakhomo la tchalitchi.

Lamulungu lofiira lija linafika. Amalume anatulukira titangobwera kumapemphero, atavala buluku lawo loyera, chingwe cha nayiloni chabuluu chili pahandulo ya njinga. Analonjerana ndi amayi, n'kufunsa ababa ngati abwerera ndi mlonda kapena ndi silipasi. Amayi anawakazingira mtedza watsopano. Ine ndinakana kudya. Ndinkangoyang'ana chingwe chija.

Dzuwa litafunda, tonse tinazungulira kuseri kwa nyumba. Khaki anali atagona cham'mbali pamasangwi, miyendo atatambasula. Amalume anamuyang'ana nati mimba yokha ndi yaikulu, koma nkhani ya mazira anaimva kale, choncho maso sangawakhulupirire. Ababa anagwada n'kuika dzanja. Anadikira, n'kusuntha, n'kudikiranso. Kenako anadzuka akupukuta m'mawondo.

"Dzanja langa linauma ndi khasu, silimva kanthu. Tadala, tayesa iwe."

Ndinagwada. Pamimba pake panali pofunda, khungu losalala ngati la mwana. Mwamantha ndinayamba kukanikiza ndi zala, kufunafuna. Ababa anandigwira pamkono.

"Usafinye. Ingoika, udikire."

Ndinatambasula chikhatho n'kuchisiya pamenepo. Ndinkamva kupuma kwa Khaki, mimba ikukwera n'kutsika. Ndinkamva wailesi ya aneba ikuimba nyimbo za kwaya, nkhuku ikupalasa m'masangwi, amalume akutafuna mtedza. Bondo linayamba kuwawa. Ndinayamba kuganiza za mmene njira ya kumjigo idzakhalire popanda wondiperekeza, ndipo maso anadzaza misozi. Pamenepo china chake chinandigunda pachikhatho, pang'ono chabe, ngati munthu akukukodola ndi chala kuseri kwa nsalu. Chinabweranso, ulendo uno chikutsetsereka kuchokera kuchala chachikulu mpaka kuchaching'ono, kenako china chinagunda cham'munsi.

Ndinangotukula mutu, ndipo ababa ataona nkhope yanga anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo. Amalume anaiwala za buluku loyera, anagwada m'fumbi n'kuika dzanja lawo pambali pa langa. Sipanapite nthawi, anatulutsa maso n'kuseka, nati ameneyo ndi mwana wa Sajeni ndithu, wayamba kale kulondera. Amayi nawo anagwada. Titachotsa manja tinaona ndi maso khungu likutukuka n'kutsika, ngati mbewa ikuyenda kunsi kwa mphasa. Khaki anatukula mutu kutiyang'ana tonse anayi, n'kuugonekanso. Amalume anakulunga chingwe chawo n'kuchiika m'thumba, ndipo ine ndinadya mtedza wonse womwe unatsala m'mbale.

Khaki anaswa patatha masiku khumi, m'dzenje lomwe lija la pansi pa nkhokwe, lomwe ulendo uno analiyalira masangwi. Tinadzuka m'mawa n'kumva timawu tolira ngati anapiye. Tiana tinalipo tisanu ndi kamodzi, tosaona, tonyowa, tikukwerana pofuna bere. Ababa sanapite kumunda tsiku limenelo, anapita kukaitana anzawo atatu aja kuti adzaone silipasi zikuyamwa. M'mawa womwewo amayi anatuluka m'khitchini ndi phale lija, muli dzira loswa kale, n'kuliika pakamwa pa dzenje. Anandiyang'ana nati ndi la lero lokha, ndipo apereka ndi iwo. Amalume anadzasankha kamphongo ka pakamwa pakuda. Khaki anakhala nafe mpaka anakalamba, osauwapo mlendo ngakhale mmodzi.

Pano ndimakhala pa Boma. Ndili ndi satifiketi ya zamakompyuta, ndimagwira ntchito pa shopu yotaipa ndi kujambula mapepala, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi inayi, dzina lake Chisomo. Munthu angaganize kuti sukulu inandichotsa nkhawa. Nditayamba kudzikayikira kuti ndili ndi pakati, ndinagula tizipangizo toyezera katatu, ndipo ngakhale anamwino atanditsimikizira ndinkadziyang'anabe pagalasi m'mawa uliwonse. Mtima unakhala pansi tsiku lomwe mwana anandigunda koyamba m'mimba ndili pa minibasi. Tsopano nkhawa yasamukira ku sikelo. Likayandikira tsiku lokamuyeza Chisomo ndimamuthira nsinjiro zambiri m'phala, n'kumamukakamiza supuni ina, ndi inanso, iye akutembenuza mutu. Mwezi watha amayi anabwera kudzationa, n'kundipeza ndikukwawa pambuyo pake ndi mbale. Anaima pakhomo ndi chikwama chawo, n'kundifunsa ngati ndayambiranso za mazira.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti Khaki anatsala pakhomo chifukwa dzanja langa linali lofewa kuposa la ababa. Nditakula ndinaona kuti mwina dzanja lawo linamva ndithu, anangofuna kuti ndimve ndine. Sindinawafunsepo. Koma ana aja anali m'mimbamo kuyambira mu Meyi, akukula mwakachetechete nthawi yonse yomwe ine ndinkaba mazira n'kumamanga mfundo. Masana ano Chisomo wasiyanso phala lake theka, ndipo wagona pamphasa, mkono umodzi uli pamutu. Mbale ndaivundikira. Ndakhala pambali pake, ndaika chikhatho pakamimba kake kofunda, osafinya, ndipo kakukwera n'kutsika.